Kamphira kakang'ono kanatsala pang'ono kupha amayi anayi kwa Goliati

Inu amayi ndi abambo amene mumadzuka m'mbandakucha kukalandira madengu a tomato mumsika wa Limbe, wa Ndirande kapena wa Blantyre, kodi munayamba mwadzifunsapo kuti dengu limenelo limachoka bwanji kudimba kudzafika pamsewu pomwe galimoto imalitenga? Ine sindinkadzifunsa, ngakhale fizi yanga ya kusekondale inkachokera m'madengu omwewo. Ndinayamba kudzifunsa tsiku lina Lachiwiri m'mwezi wa Seputembala, pomwe foni inandidzutsa ku Bangwe nkumva kuti thirakitala ya amalume anga yagwera mungalande kwa Goliati, ndipo mayi anga aang'ono athamangira nawo kuchipatala.

Nditafika masana a tsikulo ndinapeza msewu wonse uli psuu, ngati pomwe aphera ng'ombe. Mwayi wake sanali magazi, anali tomato. Mwa madengu 32 omwe anali m'ngolo, 13 anaphwanyikiratu. Ana anali kutola wotsala m'mabeseni, agalu akununkhiza. Thirakitala inali itazika mphuno m'chigumula cha kumanzere kwa msewu, ngolo itapendekeka kumbuyo kwake. Pamwamba pa madenguwo m'mawa umenewo panali amayi anayi ageni. Atatu anachoka ndi mikwingwirima ndi mantha. Mayi anga aang'ono anathyoka mkono wamanja, mkono womwe amayalira tomato pamsika.

Woyendetsa anali msuweni wanga, mwana wa amalumewo. Ndinamupeza atakhala pachulu, manja ali m'mutu.

"Asuweni, ndaponda ine. Mulungu akundiona, ndaponda mpaka pansi," iye anatero. "Koma m'malo moima yangotembenukira kumanzere ngati pali munthu wandilanda chiwongolero."

Pofika madzulo nkhani inali itafala kale kuti pali amene waponya mankhwala chifukwa cha nsanje ya geni. Ine ndinatsala kumudziko sabata yathunthu, ndipo mfiti imene inagwetsa thirakitalayo ndinaiona ndi maso anga, ndinaigwiranso m'manja. Ndi kamphira kozungulira, kosaposa chivindikiro cha botolo la mayonezi.

Gogo wachitsulo

Kwa inu amene simunafikeko, kwa Goliati ndi m'boma la Thyolo, m'dera la Mfumu Yaikulu Chimaliro. Ambiri amakudziwa chifukwa nkwawo kwa malemu Bingu wa Mutharika, yemwe anaikidwa ku Ndata mu 2012, ndiponso chifukwa cha sukulu ya ukachenjede ya MUST yomwe inatsekulidwa ku Ndata komweko mu 2014. Koma kwa ife ageni, kwa Goliati nkwa tomato. Vuto la dera limeneli ndi loti malo athyathyathya ngochepa. Madimba ali m'zigwa, misika ili pamtunda, ndipo pakati pake pali tinjira tafumbi tokwera ndi kutsika. Tina mwa tinjirati tinakumbika kwambiri ndi mvula ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Galimoto zambiri zimakana kulowako. Pamenepo mpomwe thirakitala imadyera.

Ya amalume anga ndi Massey Ferguson 135, yofiira kale koma tsopano ili ndi mtundu wa dothi la ku Thyolo. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa mu 1964, chaka chomwe dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira, pa fakitale ya Banner Lane mumzinda wa Coventry ku England. Fakitaleyo inasiya kupanga mathirakitala mu 2002, koma ana ake akukokabe ngolo kuno kwathu. Injini yake ndi ya Perkins, ya masilinda atatu, yosamwa dizilo wambiri komanso yosavuta kukonza. Nchifukwa chake ma esiteti ankawakonda. Thyolo ndi boma la tiyi kuyambira kalekale, taganizani kuti esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923, ndipo m'minda ya tiyi ntchito yokoka masamba kupita kufakitale ndi nkhuni za bulugamu zoumitsira tiyi ndi ya thirakitala. Zikakalamba amazigulitsa. Amalume anagula yawo kwa bambo wina yemwe nayenso anaigula pa esiteti ina, ndiye kuti iwo ndi mwini wachitatu kapena wachinayi.

Mwina mufunsa kuti bwanji osagula yatsopano. Funso limenelo musakawafunse amalume pamaso, angakutukwaneni. Yatsopano ndi ndalama zomwe mlimi wa dimba sangazione moyo wake wonse. Ndipo mukukumbukira lipoti la Ombudsman, Mayi Martha Chizuma, la mu 2016, lokhudza mathirakitala 177 omwe boma linagula ndi gawo la ngongole ya madola 50 miliyoni ya ku India? Lipotilo linapeza kuti ambiri mwa iwo anagulitsidwa pamtengo wozizira kwa anthu amaudindo m'malo mothandiza alimi ang'onoang'ono. Tsono kumudzi kunatsala agogo achitsulo ngati awa. Amakoka tomato, kabichi, njerwa, mchenga ndi manyowa. Pakagwa maliro amanyamula bokosi ndi anamfedwa. Pakakhala ukwati amanyamula akwaya.

Amakaniko awiri, nzeru ziwiri

Lachitatu m'mawa anyamata a m'mudzi anaikoka ndi zingwe nkuifikitsa pansi pa mtengo wa mango kwa amalume. Apa mpomwe mutu unayamba kuwawa. Tomato anali akupsa m'madimba tsiku ndi tsiku, ndipo inu mukudziwa kuti tomato sadikira munthu. Amayi ena a ku Limbe anali atapereka kale ndalama za katundu wa Loweruka. Eni madengu ophwanyika aja ankafuna chipukutamisozi. Amalume ankafuna thirakitala ibwerere pamsewu Lachinayi, zivute zitani.

Woyamba kufika anali mnyamata wina wa msinkhu wanga yemwe amakonza njinga zamoto za kabaza pa tauni ya Goliati. Sanachedwe kupereka mankhwala ake.

"Madala, iyi ndi nkhani yaing'ono. Timasula mashu, tiwaviika mu petulo, tiyatsa moto, oyilo yense apsa. Tikunga pang'ono, mawa muli pamsewu."

Amalume nkhope inawala. Koma azakhali, akazi awo, anali atatuma kale mwana kukaitana mkulu wina wa kutsidya kwa mtsinje, yemwe anagwira ntchito ya umakaniko pa esiteti ina ya tiyi kwa zaka zoposa 30 mpaka kupuma. Dzina lawo anandipempha kuti ndisalembe. Anabwera pa njinga yakapalasa, masipanala atawakulunga m'chiguduli. Sanapereke moni wautali. Anagwada kuseri kwa tayala lakumbuyo la kumanja, napaka chala mkati mwa limu, nkuchionetsa kwa amalume. Chinali chakuda bii, chonyezimira.

"Achimwene, oyilo ameneyu wayamba liti kutuluka?"

"Aaa, ndi kale pang'ono. Mwina isanathe mvula."

"Ndiye munkatani?"

"Tinkangowonjezera wina."

Mkuluyo anapukuta chala pa ovolosi yawo. "Amati chakudza sichiimba ng'oma. Koma ichi chakhala chikukuimbirani ng'oma miyezi isanu ndi umodzi, inu nkumavina."

Za moto zija anazikana kwamtuwagalu. Anati laining'i ya buleki ili ngati chigumu choviikidwa m'mafuta. Ukaiotcha imauma pamwamba pokha. Ukayenda nayo nkutentha, oyilo wa mkati amatulukanso ngati thukuta, ndipo nthawi yomwe imatentha kwambiri ndi pamtsetse, pomwe ukuifuna. Ndiponso ngakhale utaika mashu atsopano osatseka pomwe oyilo akudzera, pakatha milungu iwiri wabwerera pomwe unali. Anawauza amalume kuti ntchitoyo itenga masiku anayi, ndipo ngati akufuna ya tsiku limodzi iwo akwera njinga yawo. Amalume anayang'ana azakhali. Azakhali anayang'ana kunyumba komwe mayi anga aang'ono anagona ndi chikhakha kumkono. Nkhani inathera pomwepo.

Mmene buleki yake imagwirira

Pano ndikufuna mumvetse bwino, poti ine ndinadabwa nazo. Thirakitala yamtundu umenewu ilibe buleki kumatayala akutsogolo. Ili ndi mabuleki awiri okha, amodzi kutayala lililonse lakumbuyo. Sagwiritsa ntchito mafuta a buleki ngati minibasi. Ndi zitsulo zokhazokha. Ukaponda, ndodo yachitsulo imakankha mashu awiri opindika ngati mwezi, mashuwo nkukhuza mkati mwa dramu lomwe limazungulira limodzi ndi tayala.

Zopondera nazo nziwiri, china cha tayala lamanzere china cha lamanja. Anazipanga dala motero kuti polima, ukafika kumapeto kwa munda, uponde chimodzi thirakitala itembenuke pamalo pomwepo. Koma pamsewu ziwirizi zimayenera kumangidwa pamodzi ndi kachitsulo kolumikiza kuti zigwire nthawi imodzi. Pa ya amalume kachitsuloko kanathyoka kalekale, ndipo msuweni wanga ankangoponda zonse ziwiri ndi phazi limodzi. Tsiku la ngozi buleki yamanzere inagwira, yamanja yonyowa ija inaterereka. Tayala limodzi likaima linzake likuthamanga, thirakitala imazungulira kumbali ya lomwe laimalo. Imeneyo ndiyo mfiti inamulanda chiwongolero.

Kenaka mkuluyo anamufunsa msuweni wanga funso lomwe linamugwetsa nkhope. "Mwana wanga, unali mugiya yanji?"

Mnyamata anakanda m'mutu. Anavomera kuti pamitsetse amakonda kuchotsa giya kuti apulumutse dizilo.

"Dizilo wa kapu imodzi," mkuluyo anatero. "Tamvera. Thirakitala iyi payokha ikulemera pafupifupi tani imodzi ndi theka. Ngolo yodzaza imalemera kuposa pamenepo, ndipo ngolo yanuyi ilibe buleki. Pamtsetse si iwe amene ukukoka ngolo, ngolo ndi imene ikukukankha. Buleki yaikulu ya thirakitala ndi injini. Giya yomwe wakwerera mtunda ndi yomwe utsikire, ndipo phazi lisakhudze kilatchi. Ku esiteti dalaivala wochotsa giya pamtsetse ankabweza makiyi tsiku lomwelo."

Kutsekula

Ine ndinapatsidwa ntchito ziwiri, yogwira beseni la manati ndi yojambula ndi foni chilichonse asanachimasule, kuti pobwezeretsa tisakanganirane kuti sipuling'i iyi inali pati. Mkuluyo ankangonditchula kuti "a Nyuzi".

Choyamba anatchinga matayala akutsogolo ndi miyala, namasula pang'ono manati asanu ndi atatu a tayala thirakitala ikadali pansi. Atanyamula ndi jeke anakana kulowetsa ngakhale dzanja mpaka titaika zipika za bulugamu pansi pa ekiselo. Amalume anabweretsa njerwa, mkuluyo anazikankha ndi phazi. Anati njerwa siichenjeza, imangophwanyika, ndipo anaonapo munthu akutaya mwendo chifukwa chodalira jeke yokha. Tayala lokha linafuna amuna atatu kuti aligudubuze.

Kuseri kwa buleki kuli kabowo komwe amapisamo sikuludalaiva nkutembenuza kachitsulo ka mano kokungira mashu. Anakabweza kaye kuti mashu asiye dramu, namasula tizomangira tiwiri, nagogoda ndi nyundo mozungulira mpaka dramu linatuluka. Mkatimo munali phala lakuda la oyilo ndi fumbi. Laining'i inali yosalala ngati sopo.

Atatsekula mbali yamanzere tinapeza kouma, koma laining'i itatha mpaka mitu ya maliveti inayamba kukanda dramu. Msuweni wanga anakoka mpweya kuti auzire fumbi, mkuluyo anamugwira pakamwa. Anati malaining'i akale ambiri ankapangidwa ndi asbestos, ndipo fumbi lake likalowa m'mapapo silituluka, limadzakudwalitsa patapita zaka zambiri. Fumbi la buleki sauzira, amapukuta ndi chiguduli chonyowa nkuchikwirira.

Kenaka anakhetsa oyilo. Pa thirakitala imeneyi giyabokosi, ekiselo yakumbuyo ndi pampu yonyamulira khasu zimamwera oyilo mmodzi. Wathuyo anatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, kusonyeza kuti munalowa madzi, ndipo anali wochuluka kupitirira mzere wa pa kamtengo koyezera. Amalume ankaganiza kuti oyilo akachuluka ndiye chikondi. Chonsecho oyilo wosefukira amakakamira pa kamphira kaja usana ndi usiku kufuna potulukira.

Atamasula ndodo ya buleki ndi manati ozungulira kumapeto kwa ekiselo, anasolola shafuti, chitsulo chachitali cholemera chomwe chimazunguza tayala. Pamenepo panatuluka timalata topyapyala ngati mapepala. Anatiwerenga, natimanga ndi luzi, nandipatsa kuti ndisunge m'thumba la malaya. Kenaka anakolokosa kamphira kaja, komwe amakaniko amati oil seal. Kanali kouma gwa, kong'ambika mbali imodzi. Anakaika m'dzanja la amalume.

"Mfiti yanu ndi imeneyi, achimwene. Mukadaisintha nthawi ya mvula ija, mtengo wake sukadafika dengu limodzi la tomato."

Ulendo wa ku Limbe

Timphirati timakhala tiwiri mbali iliyonse. Kamkati kamasinthidwa pansi pa mango pomwepo. Kakunja kamabisala kuseri kwa belingi, ndipo belingiyo imagwiridwa ndi mkombero wachitsulo womwe anaulowetsa uli wotentha, utazizira nkuluma shafuti. Umenewo samasula ndi sipanala. Amauboola, nkuuswa ndi tchizulo, kenaka belingi amaikankha ndi makina opanikizira. Makina otero kumudzi kulibe. Choncho Lachinayi m'mawa ine ndi mkuluyo tinakwera minibasi ya ku Limbe ndi mashafuti awiri, madramu awiri ndi mashu anayi m'thumba la feteleza. Kondakitala anaumirira kuti zitsulozo zilipire ngati anthu awiri, ndipo zinalipiradi.

Amalume ankafuna tikonze mbali yamanja yokha poti ndiyo inkadontha. Mkuluyo anati mabuleki ali ngati ng'ombe zapagoli, ukamanga yamphamvu ndi yofooka ngolo imayenda chammbali. Zonse ziwiri zikonzedwe tsiku limodzi.

Ku Limbe ndinaphunzira kuti zipangizo za gogo ameneyu zikupezekabe, poti mafakitale a ku India ndi ku Turkey akuzipangabe. Koma mitengo, abale! Chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chimaluma. Mu shopu ina anationetsa timphira tamitundu iwiri, totchipa ndi todula. Ine, posunga ndalama za amalume, ndinaloza totchipato. Mkuluyo anatenga kamodzi, nakapinda mlomo wake ndi chikhadabo, nasuzumira kasipuling'i ka mkati, nakabweza.

"A Nyuzi, kuti tikafike pomwe kamakhala kameneka tagwetsa thukuta tsiku lathunthu. Mukufuna tidzalibwerezenso Khirisimasi isanafike?"

Tinagula todulato, pamodzi ndi mikombero iwiri yatsopano ndi oyilo. Mashu sitinagule atsopano. Tinakawasiya kwa amisiri omwe amachotsa laining'i yakale nkukhomera yatsopano ndi maliveti, zomwe zimatchipa kusiyana nkugula. Dramu lamanzere lija linali ndi mizere yakuya, ndiye analipala pamakina kuti lisalale. Lamanja linangofuna kutsuka bwino ndi kulikwecha ndi sandipepa. Ku galaja ina anatichotsera mabelingi. Imodzi inali yabwino, inzake inkalira ngati chigayo, nayonso tinasintha. Ndinaona mmene amatenthetsera mkombero watsopano nkuuponya pa shafuti msangamsanga usanazizire. Tinafika kwa Goliati kutada, thumba la amalume litapepuka ndi ndalama zoposa zomwe thirakitalayo imapanga pa milungu iwiri.

Kubwezeretsa

Lachisanu lonse linathera pobwezeretsa. Kamphira katsopano anakapaka oyilo pamlomo, nakalozetsa mlomowo mkati komwe kuli oyilo, nakagogoda pang'onopang'ono ndi kathabwa kuti kalowe mowongoka. Anati ukakamenya ndi nyundo mwachindunji kamapindika, ndiye kuti wagula kudontha kwatsopano. Shafuti anailowetsa anthu awiri mosamala ngati akunyamula wodwala, kuopa kuti mano ake angang'ambe kamphirako.

Timalata tija tinabwerera pamalo pake. Ntchito yake, mkuluyo anatero, nkusiya kampata kochepetsetsa pakati pa mashafuti awiriwo. Kakasowa zitsulo zimatentha, kakakula shafuti imagwedera nkudya kamphira. Anagwira shafuti ndi manja awiri, naikoka, naikankha, khutu ataliyandikitsa, nachotsa kalata kamodzi, nayesanso. Ndinaganiza za ana a ku MUST omwe amaphunzira za uinjiniya mtunda wochepa kuchoka pa mango amenewa. Ndikadakhala mphunzitsi wawo, ndikadawabweretsa kuti adzaone manja a mkuluyu asanapite.

Poika mashu anatilamula tonse kusamba m'manja ndi sopo, poti dontho limodzi la girisi pa laining'i yatsopano limaononga ntchito yonse. Matayala atabwerera, thirakitala ikadali pa zipika, anapisa sikuludalaiva pa kabowo kaja nkukunga mpaka tayala linakana kuzungulira, kenaka nabweza pang'onopang'ono mpaka linayamba kuzungulira losakhuza. Anachita chimodzimodzi mbali inayo, nayeza ndi dzanja kuti zopondera zonse ziwiri zikutsika mofanana. Mnyamata wa njinga zamoto uja, yemwe sanachoke masiku onsewa, ndi amene anawotcherera kachitsulo katsopano kolumikiza zopondera. Tsopano anali akufunsa mafunso ambiri kuposa ine. Oyilo watsopano anathira mpaka pamzere, osapitirira.

Mayeso

Loweruka m'mawa amalume anali atauza kale anthu kuti azipakira tomato. Mkuluyo anati ayi, choyamba kukwera ndi njerwa.

Tinayamba pa bwalo la mpira, popanda ngolo. Msuweni wanga anathamangitsa pang'ono naponda. Mkuluyo sanayang'ane thirakitala, anayang'ana pansi. Mzere wa tayala lamanzere unali wautali kuposa wa lamanja, ndiye anakunganso lamanja pang'ono. Kachitatu mizere iwiri inafanana ngati njanji. Atazungulira bwalo kangapo osaponda buleki, anagwira madramu onse ndi chikhatho kuti amve ngati likutentha, poti dramu lotentha popanda kuponda ndiye kuti mashu akukhuza. Onse anali ozizira.

Kenaka tinadzaza njerwa m'ngolo nkupita pa mtsetse womwe uja. Tomato wouma anali akuonekabe m'fumbi. Anthu anadzaza mbali zonse za msewu. Msuweni wanga manja ankanjenjemera. Mkuluyo anayenda wapansi pambali pake, akumuuza kuti aike giya yotsika asanayambe kutsetsereka. Injini inabangula, thirakitala inatsika ngati nkhalamba yopita kutchalitchi. Pakati penipeni pa mtsetse mkuluyo anakweza dzanja. Mnyamata anaponda. Inaima, mowongoka, ndipo inakhala chiimire. Amayi ena anayamba nthungululu.

Mayi anga aang'ono sanaimbe nawo. Anabwera ndi chikhakha chawo, nasuzumira kuseri kwa tayala lamanja, napaka chala cha kumanzere monga anachitira mkulu uja. Chinatuluka ndi fumbi lokha.

"Chabwino," iwo anatero. "Koma ine pa mtsetse uno ndizitsika, ndizikakwerera kumunsi. Tomato akaphwanyika ndidzaoda wina. Mkono uli kuti woti nkuoda?"

Katundu wa amayi a ku Limbe anafika mochedwa ndi maola asanu, koma anafika. Amalume akubwezabe ngongole ya madengu 13 aja pang'onopang'ono. Mayi anga aang'ono akhala milungu isanu ndi umodzi osapita kumsika, ndipo mwana wawo wa Fomu 2 ndi amene akuyala tomato akaweruka kusukulu. Zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo pano amene akukwawa si amene anazengereza.

Kwa inu anzanga ageni

Sindikulemba izi kuti ndinyoze amalume anga. Alipo ambiri onga iwo ku Thyolo, ku Mulanje, ku Ntcheu ndi ku Dedza. Injini ikadwala amathamanga nayo tsiku lomwelo poti ikapanda kulira ndalama siilowa. Buleki ikadwala amati tidzaona mwezi wamawa, poti thirakitala yopanda buleki imayendabe ndipo imalipiritsabe. Amene amakhala pamwamba pa madengu ndi inu.

Tsono mukapita kukaoda kumadimba, musachite manyazi kuyang'ana zinthu zinayi musanakwere ngolo. Suzumirani kuseri kwa matayala akuluakulu akumbuyo. Mukaona oyilo wakuda atayenderera pa limu, buleki ya mbali imeneyo njokayikitsa. Yang'anani kuphazi kwa dalaivala ngati zopondera ziwiri zamangidwa pamodzi. Onani chomwe chalumikiza ngolo ku thirakitala, ngati ndi pini yeniyeni yokhala ndi chotsekera kapena ndi bawuti wongotola. Ndipo mukamva injini yangoti zii pamtsetse pomwe liwiro likukwera, dziwani kuti dalaivala wachotsa giya. Kuwani, ndipo ulendo wina musadzakwerenso yake. Ndalama ya mayendedwe mumalipira ndinu, ndiye pakamwa mpanu.

Chimodzi chatsalabe kwa amalume. Ngolo yawo ilibe buleki mpaka lero. Mkulu uja anawauza kuti achepetse madengu pa ulendo uliwonse ndipo asamakweze anthu pamwamba pa katundu. Za madengu avomera, akunyamula 24. Za anthu akuti aganizira, poti amayi eni ake amakana kusiya katundu wawo ayende yekha. Mmene ndimanyamuka Lamulungu, mkuluyo anali akukulunga masipanala ake m'chiguduli. Anawauza amalume kuti adzabweranso pakatha milungu iwiri kudzakunganso, poti laining'i yatsopano ikakhazikika imafuna kukungidwa kachiwiri. Azakhali analemba tsikulo ndi khala pa chitseko cha khitchini.